Akudzandira koma sanamwe: ubongo ukasowa vitamini B1

Munthu akamayenda modzandira pamsika wa Lizulu kapena pa Kampepuza, palibe amene amafunsa kawiri. Waledzera, basi. Nthawi zambiri zimakhaladi choncho. Koma pali kudzandira kwina komwe sikutha matsire akatha. Munthu sanalawe mowa masiku atatu, koma akuyendabe atatangadza miyendo, akutsamira zipupa, maso akumunjenjemera, ndipo mukamuyankhula akuti mawu anu akumveka patali. Wina wotere ndi mayi woyembekezera yemwe mowa sanaulaweko chibadwire.

Awa amatchedwa matenda a Wernicke, ndipo gwero lake ndi kuperewera kwa thayamini, yemwe ambiri timamudziwa kuti vitamini B1. Mabuku a zachipatala amakonda kutsindika za kusokonezeka mutu ndi kuiwala. Ine ndikufuna tikambe za miyendo, maso ndi makutu, chifukwa izi ndi zomwe achibale angazione msanga, munthu akadali ndi nzeru zake. Nthawi imeneyo ndi pamene jakisoni wosakwera mtengo angabweze zinthu m'malo mwake. Mutu ukafika posokonezeka, mpata umakhala utachepa kale.

Adawafotokoza koyamba ndi dokotala wa ku Germany, Carl Wernicke, mu 1881. Adali ndi odwala atatu okha. Awiri adali amuna omwa mowa mwauchidakwa. Wachitatu adali mtsikana yemwe adamwa asidi, njira ya chakudya n'kuwonongeka, moti ankangosanza chilichonse. Onse atatu maso sankayenda bwino, ankadzandira, mitu idasokonezeka, ndipo onse adamwalira. Wernicke sankadziwa chomwe chidasowa m'matupi mwawo, poti vitaminiyu adadzapezeka mu 1926 pachilumba cha Java, ndipo kumupanga m'labotale kudatheka mu 1936. Mtsikana uja tisamuiwale. Kuyambira pachiyambi penipeni, matendawa sadali a zidakwa zokha.

Ubongo ndi kachiwalo kakang'ono, magawo 2 okha pa 100 a kulemera kwa thupi, koma umadya pafupifupi magawo 20 pa 100 a mphamvu zonse zomwe thupi limagwiritsa ntchito. Chakudya chake ndi shuga wa m'magazi, ndipo kuti shugayo asanduke mphamvu pamafunika thayamini. Vuto ndi lakuti thupi silisunga thayamini wambiri. Yense amene ali m'thupi la munthu wamkulu ndi mamiligalamu 25 mpaka 30. Patsiku timafuna wopitirira pang'ono miligalamu imodzi, ndipo mayi woyembekezera amafuna 1.4. Munthu akaleka kudya, kapena akamasanza zonse zomwe wadya, pakutha pa masabata awiri kapena atatu amakhala atatsala wopanda kanthu. Zikatero, mbali za ubongo zomwe zimadya shuga kwambiri ndi zomwe zimayamba kufooka, ndipo zimafooka mofanana kumanja ndi kumanzere. Tsoka lake, zambiri mwa mbali zimenezi zili m'tsinde la ubongo, cha kunkhongo, momwe mumadutsa mauthenga a kuima, a kayendedwe ka maso ndi a kumva.

Kuti munthu aime osagwa, ubongo umadalira mauthenga ochokera malo atatu: m'maso, m'mapazi ndi m'mfundo za miyendo, komanso mkatikati mwa khutu. Ambiri timaganiza kuti khutu ndi lomvera basi. Koma kuseri kwa kachikopa komwe kamagwedezeka ndi mawu, mkati mwa fupa, muli timachubu titatu topindika todzaza ndi madzi, titatu kumanja, titatu kumanzere. Mukatembenuza mutu, madziwo amatsalira pang'ono n'kupinda timaubweya tosaoneka ndi maso, ndipo timaubweyato timatumiza uthenga kutsinde la ubongo kuti mutu wapita uku, mwaliwiro lakuti. Pomwepo tsindelo limalamula maso kuti atembenukire mbali inayo mofanana ndendende, mwachangu choposa kuphethira.

Mukhoza kudzionera nokha pomwe mwakhalapo. Imikani chala patsogolo pa nkhope, muchiyang'anitsitse, kenako pukusani mutu mofulumira. Chalacho chioneka bwinobwino, ngakhale mizere ya pakhungu. Tsopano mutu ukhale chete, mugwedeze chalacho mwaliwiro lomwelo. Chizimiririka. Poyamba paja khutu limathandiza maso; kachiwiri maso amagwira ntchito okha, ndipo paokha ndi ochedwa.

Thayamini akasowa, timachubu tija sitikhala ndi vuto. Chomwe chimafooka ndi malo olandirira uthenga wake m'tsinde la ubongo. Ndiye munthu akamayenda, dziko limadumphadumpha m'maso mwake, monga mmene imaonekera vidiyo yojambula pafoni uli pa kabaza mumsewu wamabampu. Akaima zimakhazikika, akayambanso kuyenda zimayambiranso. Nkhope ya munthu wobwera kutsogolo satha kuizindikira mpaka ataima.

Apa pali chinthu chomwe chimasocheretsa ngakhale ogwira ntchito zachipatala. Chizungulire chenicheni, chija nyumba imachita kuzungulira, chimabwera mbali imodzi, ya khutu lakumanja kapena lakumanzere, ikamanena zosiyana ndi inzake. M'matenda a Wernicke mbali zonse ziwiri zafookera limodzi, palibe yotsutsa inzake, kotero ambiri samva kuzungulira kulikonse. Mukawafunsa za chizungulire akana. Amangoti miyendo sikuwamvera, kapena kuti pansi sipakupondeka bwino. Kunja kukada zimanyanya, poti maso omwe amathandizirako sakuonanso. Ulendo wa kuchimbudzi usiku, kapena kudutsa m'mizere ya m'munda wa mbatata pamtsetse wa ku Bembeke, ndi pomwe munthu amagwa. Kachigawo ka ubongo ka kunkhongo komwe kamawongolera thunthu ndi mayendedwe nako kamakhudzidwa, pomwe manja ndi lilime nthawi zambiri zimakhala zili bwino. Wodwala atakhala pabedi akhoza kupereka moni, kugwira kapu, kuyankha mwaulemu. Ngati palibe amene wamuimiritsa kuti ayendeko, vutolo silioneka.

Maso amaulula zambiri. Munthu akayang'ana chakumbali, maso amabwerera pang'onopang'ono kenako n'kudumphira komwe amayang'ana kuja, mobwerezabwereza, iye osadziwa. Ena diso limakanika kupita chakunja, n'kuyamba kuona zinthu ziwiriziwiri. Palinso kupima kwina kosafuna makina, komwe akatswiri awiri a ku Sydney, Michael Halmagyi ndi Ian Curthoys, adakufotokoza mu 1988. Dokotala amakhala moyang'anizana ndi wodwala, kumugwira mutu ndi manja onse awiri, n'kunena kuti, "Bambo, yang'anani mphuno yangayi, musachotsepo maso. Khosi mulimasule." Kenako amatembenuza mutuwo pang'ono koma mwadzidzidzi. Kwa munthu wabwinobwino maso sachoka pamphuno paja. Kwa wodwalayu maso amapita limodzi ndi mutu, ndipo pakatha kamphindi amadumpha kubwerera. Atembenuze kumanja, chimodzimodzi, kumanzere, chimodzimodzi. Dokotala wina wa ku Illinois ku America, Jorge Kattah, adaonetsa kuti chizindikirochi chimatha kuonekera mwa anthu osowa thayamini mitu yawo isanasokonezeke, ndipo chimachepa akalandira vitaminiyu. Kupima kumeneku nkwa ophunzira ntchitoyi. Khosi la agogo si loyeserera kunyumba.

Za kumva ndi zosowa kuposa za kudzandira, koma zimachitika. Uthenga wa mawu ukachoka m'khutu umakwera kudzera m'tsinde lomwelo, ndipo usanafike kumtunda komwe mawu amamasuliridwa, umadutsa pa timatumphu tiwiri ta kumbuyo kwa tsindelo. Timatumphu timeneti tili m'gulu la malo omwe amadya shuga kwambiri mu ubongo wonse. Tikafooka, makutu onse awiri amayamba kugontha m'masiku owerengeka. Ena amamva kulira m'makutu. Ena phokoso akulimva ndithu, koma mawu sakumasulika: akudziwa kuti mlamu wawo akuyankhula, koma chomwe akunena ayi. Mukaunika m'khutu simupezamo mafinya kapena chotupa. Ambiri mwa odwala otere omwe madokotala adalembapo adayambanso kumva atalandira thayamini, zomwe sizichitika ndi kugontha kwa mitundu yambiri. Ndikuganiza kuti ena amaphonyeka chifukwa munthu wosayankha timafulumira kunena kuti mutu wabalalika, kapena akuchita mwano, osaganizira kuti mwina sakumva.

Kuti vitaminiyu amakhudza kumva kudaonekeranso mwanjira yomvetsa chisoni ku Israel mu 2003, pamene mkaka wina wa m'chitini wa makanda udagulitsidwa wopanda thayamini. Makanda ena adamwalira, ndipo mwa omwe adapulumuka ena adapezeka ndi vuto la mitsempha ya kumva komanso kuchedwa kuyankhula. Ku Cuba, pakati pa 1991 ndi 1993 chakudya chitasowa, anthu oposa 50,000 adadwala matenda a mitsempha okhudza maso ndi miyendo, ena mpaka makutu, ndipo mliriwo udazirala boma litagawa mavitamini a gulu la B kwa anthu onse.

Matendawa amabisala kwambiri. Mu 1986, Clive Harper ndi anzake ku Australia adaunika ubongo wa anthu omwalira omwe adapezeka ndi zipsera za matenda a Wernicke. Mwa anthu 100 aliwonse, 80 palibe adawazindikira ali moyo, ndipo 16 okha ndi omwe adali ndi zizindikiro zonse zitatu zija za m'mabuku. Kumeneko nkudziko la zipatala zokhala ndi zonse. N'chifukwa chake kuyambira 1997 madokotala ambiri amatsata muyeso wopepukirapo: ngati munthu ali ndi ziwiri mwa izi, kusadya mokwanira, vuto la kayendedwe ka maso, kudzandira, kapena kusintha kwa maganizo, aganiziridwe matendawa ndipo alandire mankhwala. Kusadya ndi kudzandira, ziwirizo zakwana.

Mowa umalanda thayamini m'njira zingapo nthawi imodzi. Womwa kwambiri sadya, poti kachasu amapha njala ndipo ndalama ya ndiwo yathera komweko. Chochepa chomwe wadya, matumbo onyowa ndi mowa sayamwa vitaminiyu bwino. Chiwindi chotopa sichisunga. Pamwamba pake mowa umataya mchere wa magineziyamu, womwe thayamini sagwira ntchito popanda iwo. Boma lidaletsa mowa wa m'masacheti mu 2015, koma kachasu akutchezedwabe m'midzi yathu, ndipo wa m'timabotolo ndi wosasowa m'magolosale a m'mbali mwa msewu wa M1. Chimandiseketsa mowawa ndi chakuti madeya, momwe muli thayamini wambiri wa chimanga, ndi omwe amafululira kachasu. Potcheza, mowa umakwera ndi nthunzi, vitamini n'kutsala m'matsokwe omwe amakatayidwa kapena kupatsa nkhumba.

Gulu lomwe limandidetsa nkhawa kwambiri ndi amayi oyembekezera. Nseru ya miyezi yoyambirira ndi yodziwika, ndipo apongozi akati, "Ndi mimba imeneyo mwanawe, zitha zokha," nthawi zambiri amanena zoona. Koma pali kusanza kwina kopyola muyeso, koti ngakhale phala kapena madzi sizikhazikika, mayi n'kumaonda sabata ndi sabata pomwe mwana m'mimba akutenganso gawo lake. Kukapitirira masabata atatu, thayamini amakhala atatha. Mayi wotere akafika kuchipatala ali lefulefu, chomwe aliyense amayembekezera ndi diripi, ndipo gadiyani mtima umakhala pansi akaona botolo lapachikidwa. Koma ngati diripiyo ndi ya shuga ndipo thayamini sanaperekedwe, shugayo amamaliza kakang'ono komwe kadatsala, ndipo matenda a Wernicke amatha kubuka pabedi pomwepo. Pa amayi omwe adafika pamenepa ndipo nkhani zawo zidalembedwa m'mabuku a zachipatala, pafupifupi theka mimba zidachoka. Mayi amene wakhala akusanza kwa masabata akayamba kunena kuti akuona ziwiriziwiri, kapena akulephera kuyenda yekha kukafika kubafa, asadikire tsiku la sikelo.

Enanso ndi odwala Edzi yofika povuta, TB, kutsegula m'mimba kosatha, ochitidwa opaleshoni ya m'mimba, omwa mankhwala okodzetsa monga furosemide kwa nthawi yaitali, ndi odwala khansa ya kummero, yomwe Malawi ali m'gulu la mayiko omwe imapezeka kwambiri. Munthu amene wakhala ndi njala nthawi yaitali n'kuyamba kudya kwambiri mwadzidzidzi nayenso ali pachiopsezo chofanana ndi cha diripi chija.

Nanga nsima? Thayamini wa m'chimanga amakhala m'khungu ndi mu mtima wa njere. Tikakonola, zimenezo zimapita ku madeya. Mphale tikaiviika masiku angapo, wotsalayo amasungunukira m'madzi, poti vitaminiyu amasungunuka mosavuta, ndipo madziwo timataya. Timatsuka, kuyanika pamphasa, kupita kuchigayo, n'kubwera ndi ufa woyera mbee, wokoma pakamwa, woti mlendo aone kuti walemekezedwa. Sindikunena kuti ufa woyera umadwalitsa matenda a Wernicke. Munthu wodyera nyemba, nandolo, khobwe, soya, ndiwo zotendera kapena nyama ya nkhumba, yomwe ili ndi thayamini wambiri kuposa nyama zina, amakhala bwinobwino. Koma banja lomwe nyemba zonse lidagulitsa kwa mavenda, n'kutsala ndi ufa woyera ndi kabichi, limakhala ndi wochepa wosungira, moti matenda kapena mowa zikabwera sizichedwa kumumaliza. Mgaiwa, womwe ena amaunyoza kuti ndi wa kusukulu yogonera komweko kapena wa nthawi ya njala, uli ndi vitaminiyu wochuluka. Soda ndi chidulo nazo zimaononga thayamini, ndiye kuthira soda mu nyemba kuti zipse msanga kumapulumutsa nkhuni koma kumachepetsa chomwe tikudyera nyembazo. Dziko la Australia lidasankha kuthira thayamini mu ufa wa buledi mokakamiza kuyambira 1991. Kwathu kuno ufa wambiri umachokera kuchigayo cha pamudzi, komwe sauthira kanthu.

Si kudzandira kulikonse kapena kugontha kulikonse komwe nkwa thayamini. Amene adalandirapo kwinini amadziwa mmene makutu amalirira. Jakisoni wa gentamicin amatha kuononga timachubu tija mbali zonse ziwiri, ndipo streptomycin ndi kanamycin, omwe ankabaya odwala TB ena, adagonthetsa anthu. Sitiroko, matenda oumitsa khosi, kutsika kwa shuga, ngakhale magazi oundana m'mutu mwa munthu yemwe adagwa ataledzera, zonsezi zimatha kuoneka mofanana. Kusiyanitsa ndi ntchito ya kuchipatala. Koma palibe kupima magazi kwachangu komwe kungatsimikize matenda a Wernicke. Sikani yojambula ubongo ya CT kawirikawiri sionetsa kanthu, ndipo ngakhale sikani ina yoona bwino kuposa pamenepo, ya MRI, imaonetsa pafupifupi theka chabe la odwala. Choncho lamulo lake ndi lakuti ukaganizira, pereka mankhwala, umboni udzabwera pambuyo. Thayamini ndi wotchipa, wotsala amatuluka mumkodzo, ndipo amene thupi lawo limadana naye ndi ochepa kwambiri.

Mankhwalawo ayenera kulowa kudzera mumtsempha, ndipo akhale ochuluka. Malangizo a akatswiri a ubongo a ku Ulaya a mu 2010 amati mamiligalamu 200 katatu patsiku, pomwe a ku Britain amafika 500 katatu patsiku kwa masiku awiri kapena atatu oyamba kwa omwa mowa. Yerekezani ndi miligalamu imodzi ija ya tsiku ndi tsiku. Chifukwa chake nchakuti matumbo amayamwa pang'ono chabe pa nthawi imodzi, ndipo ubongo wofooka umafuna vitaminiyu adzaze m'magazi kuti alowe msanga. Timapiritsi ta B complex togula pagolosale tingathandize kupewa, koma sitingachize munthu amene wayamba kale kudzandira, makamaka ngati akusanza. Za shuga zija zisamveke molakwika: munthu amene shuga wake watsika kwambiri apatsidwe shuga nthawi yomweyo, thayamini abwere limodzi kapena motsatira msanga.

Kuchira sikuyendera limodzi. Maso amayamba kusintha m'maola ochepa kapena masiku, moti kusinthako kumakhala ngati umboni wakuti matenda adali omwewo. Kumva nako nthawi zambiri kumabwerera. Miyendo ndi yochedwa: pamatenga masabata kapena miyezi, ndipo mwa odwala chifukwa cha mowa, ochepera theka ndi omwe amadzayendanso monga kale. Odwala 10 mpaka 20 pa 100 amamwalira. Mwa omwa mowa omwe apulumuka, pafupifupi 80 pa 100 amatsala ndi vuto lomwe dokotala wa ku Russia, Sergei Korsakoff, adalifotokoza mu 1887: kulephera kusunga chatsopano chilichonse. Malume otere akhoza kukufotokozerani bwinobwino za ku Joni komwe adagwirako ntchito, koma osakumbuka kuti nsima adya kale, ndipo mukawafunsa komwe adali m'mawa amapeka nkhani mosadziwa kuti akupeka. Mwa amenewa, pafupifupi mmodzi mwa anayi ndi amene amachira bwino.

Amene watsala ndi vuto la kuima amathandizidwa ndi mafizo: kuyang'anitsitsa chinthu chimodzi uku akupukusa mutu, kuyenda chidendene chikugunda chala, kuzolowetsa maso ndi mapazi kugwira ntchito yomwe tsinde la ubongo lasiya. Ndodo ndi tochi usiku zimapewetsa kuthyoka. Ngati makutu sanabwerere mwakale, kupima kumva kumachitika ku Lilongwe, monga pa kiliniki ya makutu ya African Bible College, komanso ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Ndipo womwa mowa akabwerera ku mowa, matendawa amabweranso.

Gadiyani ndi amene amakhala ndi nkhani yomwe dokotala akuifuna, chifukwa wodwalayo mwina sakumva kapena sakukumbuka. Kunena kuti "angofooka" sikuthandiza. Ofunika ndi masiku ndi zooneka: "Adokotala, mchemwali wangayu wakhala akusanza kuyambira mwezi wathawu, sakudya. Kuyambira dzana akulephera kuyenda yekha, akuti akuona ziwiriziwiri, ndipo tikamuyitana sakumva bwino." Ngati ndi womwa mowa, nenani kuchuluka kwake ndi tsiku lomwe adamaliza kumwa, ngakhale zili zochititsa manyazi pamaso pa odwala ena m'wodi. Nenaninso mankhwala ndi majakisoni onse omwe walandira posachedwa. Ndipo botolo la diripi likamapachikidwa, palibe mwano kufunsa mwaulemu ngati vitamini B1 wa jakisoni alipo ndiponso ngati wodwala wanu akufunika kulandira.